Mtolo wa nkhuni ndi thumba la makala: chimene chikudya nkhalango za ku Tete

Munthu woyenda pa msewu wochokera ku Zóbuè kulowera ku Moatize ndi mumzinda wa Tete amaona matumba a makala ataimikidwa m'mphepete mwa msewu, kukamwa kwake atakulukira luzi kuti makala aunjikane kupitirira mlomo wa thumba. Akakwera kumtunda, ku Angónia kapena ku Tsangano, amakumana ndi amayi akutsika m'phiri atasenza mitolo ya nkhuni, nkhata ili pamutu, chikwanje atachilowetsa pakati pa mtolo. Zonsezi zimachokera ku mtengo ndipo zonse zimathera pansi pa mphika, choncho nkhani ya kutha kwa nkhalango ikabuka anthu ambiri amaziika m'gulu limodzi, ndipo chala chimayamba kuloza mayi wa mtolo uja chifukwa ndiye amaonekera tsiku ndi tsiku. Mlandu wake ulipo ndithu, koma ndi wochepa poyerekeza ndi umene amam'senzetsa, ndipo kuti zimenezi zimveke pafunika kulondola mtengo kuyambira pamene wadulidwa mpaka pamene wasanduka phulusa.

Chigawo cha Tete, ku Mozambique, chili ndi anthu oposa 2.5 miliyoni malinga ndi kalembera wa mu 2017, ndipo ambiri mwa iwo amaphika ndi nkhuni kumudzi kapena makala m'tauni. Nkhalango zake si zamtundu umodzi. Kumtunda kozizira ndi kwa mvula yambiri, m'maboma a Macanga, Chifunde, Marávia ndi Angónia, kuli nkhalango za miombo, momwe mumamera mombo, tsamba, mtondo, msuku, muwanga ndi mlombwa. Kumunsi, m'chigwa cha Zambezi, ku Changara, Cahora Bassa ndi Mágoè, kumene kumatentha mpaka madigiri oposa 40 m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, mtengo wofala ndi tsanya, pamodzi ndi milambe ndi masau. Kusiyana kumeneku kuli ndi tanthauzo pa nkhani ya nkhuni, pakuti mtengo wa kumalo ouma umakula pang'onopang'ono, ndipo bala limene nkhwangwa yasiya kumeneko limachedwa kupola.

Kumudzi, moto wa pa mafuwa umagwira ntchito zambiri kuposa kuphika nsima. Ndi womwewo umene umatenthetsa madzi osamba, kuwiritsa nyemba kwa maola atatu kapena anayi, kuumitsa mbewu ya chimanga yopachikidwa padenga la khitchini kuti anankafumbwe asaiboole, ndiponso kufunditsa banja m'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene chisanu cha ku Tsangano ndi ku Dómuè chimalowa mpaka m'mafupa. Banja la anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi limatha mtolo waukulu m'masiku atatu kapena anayi, ndipo tikawerengera kuti mtolo wotere umalemera makilogalamu pakati pa 20 ndi 30, pa chaka banjalo limatentha matani awiri kapena atatu a nkhuni. Chiwerengerochi chimaoneka chachikulu, koma chiyenera kuikidwa pambali pa china: hekitala imodzi ya miombo imene ikuphukiranso imawonjezera mitengo yolemera pafupifupi tani imodzi kapena matani awiri pa chaka. Kunena kwina, mudzi wokhala ndi tchire lokwanira ukhoza kuphika mibadwo ndi mibadwo popanda nkhalango kuchepa, ndipo ndi mmene makolo ankakhalira.

Mayi wodziwa ntchito yake safuna mtengo wauwisi. Pafupifupi theka la kulemera kwa mtengo wongodulidwa kumene ndi madzi, kotero kuusenza n'kudzipweteka khosi pachabe, ndipo pamoto umangofuka utsi ndi kuchita thovu kumapeto m'malo moyaka. Chimene amafuna ndi nthambi zouma zogwa zokha, mitengo yofa chiimire, ndi zotsala m'munda wongotsegulidwa kumene. N'chifukwa chake pa Chichewa timati kutola nkhuni kapena kuteta nkhuni, ndipo mawu akuti kugwetsa mitengo timawasungira ntchito ina. Kutola kotereku sikupha nkhalango. Vuto limayamba pamene zouma zatha pafupi ndi mudzi, anthu atachuluka ndipo tchire litachepa, pakuti pamenepo mayi amayamba kusadza nthambi zaziwisi n'kuzisiya kuti ziume, kapena kusenda khungwa kuzungulira tsinde kuti mtengo ufe wokha, abwere adzautenge pakapita miyezi. Amachita zimenezi akudziwa kuti akuwononga, koma ana sangagone ndi njala ufa uli m'nyumba.

Ku Angónia zimenezi zinafika kale. Bomali ndi limodzi mwa maboma okhala ndi anthu othithikana kwambiri m'chigawochi, nthaka yake ndi yachonde, ndipo pafupifupi malo onse olimika ali ndi mwini wake. M'midzi yambiri yozungulira Ulongué, likulu la bomali, mitengo yachilengedwe yatsala kumanda, kudambwe ndi pamwamba pa mapiri, ndipo imene imaoneka pakhomo ndi bulugama, mango ndi mapichesi. M'khitchini za kumeneko, chimanga chikangokololedwa, pakona pamaunjikidwa zitsononkho ndi mapesi, ndipo mayi amakhala pafupi ndi mafuwa akusonkhezera mosalekeza chifukwa moto wa zitsononkho umalilima kamphindi n'kuzilala. Nsima imapsa, koma nyemba sizingapse ndi moto wotere, motero ndiwo zofuna moto wautali zimayamba kuphikidwa mwa apo ndi apo ngakhale zili m'nkhokwe. Mapesi amene akanawolera m'munda n'kubwezera chonde m'nthaka amathera pamoto, ndipo chaka chotsatira mundawo umafuna feteleza wochulukirapo. Kusowa kwa nkhuni kumalowa chotero m'mbale ndi m'munda, ngakhale kuti palibe amene amakulemba m'mabuku a boma.

Mbiri ya nkhondo nayo inasiya chizindikiro pa mitengo ya m'malire. Pa nthawi ya nkhondo yapachiweniweni, imene inatha ndi pangano la mtendere la ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu pafupifupi miliyoni imodzi a ku Mozambique anathawira ku Malawi, ndipo ambiri mwa iwo anachokera ku Tete n'kukakhala m'maboma a Dedza, Ntcheu, Mwanza ndi ena. Mbali ya Malawi mitengo inatha msanga chifukwa cha kuchuluka kwa anthu, pamene mbali ya Mozambique minda yosiyidwa inabwerera kukhala tchire. Anthu atabwerera kwawo anapeza mitengo itakula m'minda yawo yakale, ndipo ntchito yoyamba inali kuigwetsa kuti alime. Zimenezi zikusonyeza zinthu ziwiri nthawi imodzi: kuti miombo ikasiyidwa zaka khumi kapena kuposerapo imabwerera, ndiponso kuti chimene chimaichotsa kotheratu kawirikawiri ndi khasu.

Ziwerengero za boma zimagwirizana ndi zimenezi. Kawerengedwe ka nkhalango za dziko lonse kamene kanatuluka mu 2018 kanapeza kuti Mozambique ili ndi mahekitala pafupifupi 34 miliyoni a nkhalango, ndipo boma linawerengera kuti pakati pa 2003 ndi 2013 dziko linkataya mahekitala pafupifupi 267,000 chaka chilichonse. Pogawa zifukwa zake, gawo lalikulu, pafupifupi 65 pa 100 alionse, linagwera ulimi wotsegula minda yatsopano, pamene nkhuni ndi makala pamodzi zinapatsidwa pafupifupi 7 pa 100 alionse. Komabe chiwerengero chaching'onochi chiyenera kumvedwa mosamala. Zithunzi za m'mlengalenga zimaona bwino malo amene mitengo yachotsedwa yonse, koma zimavutika kuona nkhalango imene yangopepuka, imene mitengo yake ikuluikulu yachotsedwa umodziumodzi n'kutsala zitsamba. Munthu wodutsa patali amati tchire lilipo, pamene mwini dera amadziwa kuti muwanga ndi tsamba zinatha kalekale, kuti bowa sakumeranso ngati kale chifukwa bowa wa m'miombo amakhalira limodzi ndi mizu ya mitengoyo, ndiponso kuti matondo ndi uchi zachepa. Kupepuka kotereku ndiko kumene nkhuni zamalonda ndi makala zimachita kwambiri. Akuluakulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo mwambiwo umagwiranso ntchito pa kutha kwa chinthu.

Makala ndi nkhani ina kotheratu, ndipo kusiyana kwake kumaonekera pa uvuni. Wootcha makala safuna nthambi zouma. Amasankha mitengo yamoyo, yolimba ndi yonenepa, chifukwa ndiyo imatulutsa makala olemera amene ogula m'tauni amawafuna, ndipo m'chigwa cha Zambezi mtengo umenewo ndi tsanya. Akaigwetsa amaidula m'zipika, kuisanja mothithikana, kuifundika udzu ndi masamba, kenaka kukwirira mulu wonse ndi dothi n'kusiya kabowo koyatsira. Moto umadya mkati pang'onopang'ono kwa masiku angapo, nthawi zina kupitirira sabata, ndipo mwini wake amayendera uvuniwo usana ndi usiku kuti atseke ming'alu, pakuti mpweya ukalowa wochuluka amadzapeza phulusa lokhalokha. Ngakhale zonse zitayenda bwino, pa makilogalamu 100 a mitengo amafukulamo makala olemera makilogalamu pakati pa 10 ndi 20 okha. Mphamvu yambiri ya mtengo imathera mu utsi kutchire komweko, motero banja la m'tauni lophikira pa mbaula ya makala limadya mitengo yochuluka kuposa banja lakumudzi lophikira pa mafuwa, ngakhale kuti silinagwirepo nkhwangwa.

Kukula kwa mizinda ndiko kwakulitsa malondawa. Kuchokera pamene kampani ya Vale inayamba kukumba malasha ku Moatize mu 2011, mgodi umene mu 2022 unagulitsidwa kwa kampani ya Vulcan, anthu ambiri anakhamukira ku Moatize ndi mumzinda wa Tete kufunafuna ntchito, ndipo nyumba iliyonse yatsopano inafuna njerwa zootcha ndi thumba la makala. Ng'anjo ya njerwa imameza zipika zikuluzikulu zaziwisi usiku umodzi kapena uwiri, zochuluka kuposa zimene banja lingaphikire miyezi yambiri. Ophika buledi, otcheza kachasu, malo odyera ndi sukulu zogonera konko nawonso amagula nkhuni pa ngolo kapena pa galimoto. Palinso msika wa kutsidya kwa malire, pakuti makala ena ochokera m'maboma a m'malire amalowa ku Malawi pa njinga kudzera m'tinjira tosadutsa pachipata, makamaka popeza kumeneko lamulo la nkhalango linakhwimitsidwa mu 2020 ndipo mitengo yachilengedwe inachepa kale. Mtengo ukangokhala ndi wogula, malire a kudula kwake salinso njala ya banja limodzi koma kukula kwa msika.

Wootcha makalayo si munthu wolemera, ndipo n'kulakwa kumuona ngati chigawenga. Nthawi zambiri ndi mlimi amene chimanga chake chapserera, makamaka kumadera ouma a kumwera kwa Zambezi kumene chilala chimabwera kawirikawiri, ndipo makala ndiwo katundu yekhayo amene angapange popanda mpamba, ndi nkhwangwa ndi khasu basi. Phindu lalikulu limatsalira kwa mwini galimoto ndi wogulitsa mumzinda. Amene amatsala ndi chifuwa, zipsera za moto ndi tchire lopanda mitengo ndi iye.

Fodya, amene ndi mbewu yaikulu yamalonda ku Macanga, Angónia, Chifunde ndi Marávia, nayenso ali ndi gawo lake. Fodya wambiri wa kuno ndi wa bale, woumitsidwa ndi mphepo m'zigafa osati ndi moto, choncho sadya nkhuni ngati fodya wa m'mabalani, koma chigafa chilichonse chimafuna mafoloko ndi mapaso ambirimbiri owongoka amene chiswe chimadya pakangotha zaka zochepa, ndipo munda wa fodya umakonda nthaka yatsopano. Mitengo yaing'ono yowongoka imene imadulidwira zigafa ndi yomweyo imene ikanadzakhala nkhalango ya mawa.

Chimene chimapulumutsa miombo n'chakuti mtengo wake ukadulidwa sufa. Chitsa cha mombo, cha mtondo kapena cha tsanya chimatulutsa mphukira, ndipo popeza mizu yake ndi yakale ndi yozama, mphukirazo zimakula msanga kuposa mbande yodzalidwa. Tsala losiyidwa zaka 20 kapena 30 limakhalanso nkhalango yoti munthu n'kusocheramo, ngakhale kuti mitundu ina ya mitengo imachedwa kubwerera. Chimene chimalepheretsa kubwererako ndi zinthu zochitika pambuyo pa nkhwangwa. Moto wolusa wa mu Seputembala ndi Okutobala, woyatsidwa ndi osaka mbewa, otsegula minda kapena ofuna msipu watsopano, umadutsa udzu utauma gwa ndipo umapha mphukira zonse zosafika msinkhu, chaka ndi chaka. Mbuzi ndi ng'ombe, zimene Tete ali nazo zambiri, zimabudula zotsalazo. Pamene munthu wazula kapena kutentha chitsa kuti pulawo idutse, pamenepo ndiye kuti nkhalango yatha ndithu. Kwa ine, pa zinthu zonse zimene mudzi ungachite, kuteteza zitsa ndi kutentha tchire molawirira, udzu usanaumitsitse, kuli ndi phindu loposa mwambo wodzala mbande pa tsiku limodzi la chikondwerero, mbande zimene pofika chilimwe zambiri zimakhala zitauma. Pa nthawi ya Pulezidenti Armando Guebuza panali kulimbikitsa kuti mwana wa sukulu aliyense adzale mtengo ndiponso kuti mfumu iliyonse ikhale ndi nkhalango yake, ndipo mwa mfundo ziwirizi yachiwiriyo ndiyo inali pafupi ndi mmene miombo imakhalira.

Phiri likavulidwa, zotsatira zake zimatsikira kumunsi. Mvula yogwa pa nthaka yopanda masamba ndi mizu simalowa pansi koma imathamanga, kukokolola dothi la pamwamba, kukumba zigwembe ndi kudzaza mitsinje ndi mchenga, kotero kuti mtsinje womwewo umasefukira mu Januwale n'kuuma mu Seputembala, zitsime ndi madimba n'kuphwa nawo. Mtsinje wa Revúbuè, umene umachokera kumapiri a ku Angónia n'kukathira mu Zambezi pafupi ndi mzinda wa Tete, unagwetsa mlatho pa nthawi ya namondwe Ana mu Januwale 2022. Mvula ya namondweyo inali yoopsa payokha, ndipo sikungakhale koona kunena kuti inabwera chifukwa cha kudula mitengo, koma liwiro limene madzi amatsikira kuchokera kumtunda limadalira zimene akumana nazo m'njira.

Mtengo wina wa nkhuni umalipiridwa m'thupi la mayi ndi mwana. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization linawerengera kuti utsi wa m'nyumba unapha anthu pafupifupi 3.2 miliyoni pa dziko lonse mu 2020, kudzera m'chibayo, matenda a mtima ndi a m'mapapo. Khitchini yakumudzi, yopanda zenera, denga lake lakuda bii ndi mwaye, ndi malo amene mayi amakhalamo maola angapo tsiku lililonse mwana ali kumbuyo. Nkhuni zikasowa n'kuyamba kugwiritsidwa ntchito zaziwisi, mapesi kapena mapulasitiki oyatsira, utsiwo umawirikiza. Ulendo wa kunkhuni nawo ukatalika, amene amajomba kusukulu kuti aperekeze amayi ake nthawi zambiri ndi mwana wamkazi.

Funso limene aliyense wa ku Tete amafunsa ndi lakuti zitheka bwanji kuti chigawo chokhala ndi damu la Cahora Bassa, limene linamalizidwa mu 1974 ndipo lili ndi mphamvu ya mamegawati 2,075, chiziphikabe ndi nkhuni. Gawo lalikulu la magetsiwo limagulitsidwa ku South Africa kudzera pa nthambo zochokera ku Songo, tauni ya pafupi ndi damulo, ndipo malasha a ku Moatize amakwera sitima kupita ku madoko a Nacala ndi Beira. Boma lili ndi cholinga choti pofika 2030 aliyense akhale ndi magetsi, ndipo nthambo za EDM, kampani ya boma ya magetsi, zafikadi m'malo ambiri kumene kale kunalibe. Koma kufika kwa nthambo sikuzimitsa mbaula. Banja likalumikizidwa limayatsa mababu, kutchaja foni ndi kuonera kanema, koma pophika nyemba limabwerera ku makala, chifukwa chitofu chamagetsi chimatha mayunitsi olipiriratu a Credelec mofulumira, ndipo gasi amafuna kuti munthu agule botolo ndi chitofu nthawi imodzi, pamene makala amagulika pa kamulu ka tsiku limodzi ndi ndalama imene yapezeka tsikulo. Magetsi a dzuwa a m'midzi amakwanira kuunikira, osati kuwiritsa mphika. Choncho kwa zaka zambiri zikubwerazi mtengo ukhalabe pansi pa mphika, ndipo nkhani yeniyeni ndi ya kuchuluka kwa mitengo imene mphika umodzi ukudya ndi kumene mitengoyo ikuchokera.

Pa mafuwa atatu, kutentha kumene kumafika mumphika ndi pafupifupi 10 mpaka 15 pa 100 alionse, kwina konse kumamwazika ndi mphepo. Mbaula zadothi zotchinga moto, monga Chitetezo Mbaula imene inafala ku Malawi ndipo anthu a m'malire amaidziwa, zimachepetsa nkhuni ndithu ngati zikugwiritsidwa ntchito tsiku ndi tsiku, ndipo zimayaka bwino ndi tinthambi ting'onoting'ono ndi mitengo ya nandolo. Chovuta n'chakuti mbaula yotere siikhala mphika waukulu wa pamaliro kapena wa mowa, siifunditsa nyumba m'nyengo yachisanu, ndipo ikasweka pamafunika woumba wapafupi kuti ipezeke ina, apo ayi mayi amabwerera ku mafuwa amene safuna ndalama. Kudzala mitengo pakhomo ndi m'malire a minda kwathandiza mabanja ambiri ku Angónia, ngakhale bulugama wodzalidwa pafupi ndi dambo kapena chitsime amamwa madzi ambiri, ndipo nsangu, gliricidia ndi nandolo zimakhala bwino ndi chimanga kuposa iye.

Lamulo limasiyanitsa kale pakati pa mtolo ndi thumba. Lamulo la nkhalango ndi nyama zakutchire la mu 1999 linalola anthu a m'dera kutenga nkhuni, mitengo yomangira ndi zina zogwiritsa ntchito pakhomo popanda kulipira, koma linafuna chiphaso kwa aliyense wodula kuti agulitse, ndipo malamulo otsatira anaika kuti 20 pa 100 alionse a ndalama za ziphasozo azibwerera kwa anthu a kumene mitengoyo yachokera. Kumapeto kwa 2023 kunakhazikitsidwa lamulo latsopano la nkhalango. Tete ndi kwawonso kwa Tchuma Tchato, ntchito imene inayamba m'zaka za m'ma 1990 ku Mágoè, yoti anthu a m'midzi azilandira gawo la phindu la zachilengedwe za m'dera lawo, ndipo dzina lake lenilenilo likunena kuti chumacho n'chathu. Pamene pamavuta ndi pakati pa pepala ndi tchire. Oyang'anira nkhalango ndi ochepa poyerekeza ndi kukula kwa chigawo, makala ambiri amayenda opanda chiphaso, ndipo ndalama za 20 pa 100 zimafuna kuti mudzi ukhale ndi komiti yolembetsedwa ndi akaunti ya kubanki, zinthu zimene midzi yakutali simazipeza mosavuta. M'malo mwake, amene amadziwa kuti mlendo wakuti walowa m'phiri ndi macheka ndi mfumu ndi anyakwawa ake, ndipo nkhalango za kumanda, zimene palibe woyang'anira wa boma amene amazilondera, zikadali chiimire pakati pa minda ku Angónia chifukwa aliyense m'mudzimo amadziwa mwini wake ndi chimene chingam'chitikire munthu wolowamo ndi nkhwangwa popanda chilolezo.